Dzina Limene Linakumbitsa Manda

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Ngara, chaka chimene pakhomo pathu panabadwa mwana wa mayina awiri. Dzina lina linali lotchula aliyense akumva, lina linali lonong'ona. Ine ndine Wezi, woyamba kubadwa. Pambuyo panga mayi anabereka ana aamuna awiri, ndipo onsewo anapita asanayambe n'kuyenda komwe. Choncho kamtsikana aka katabadwa, nthungululu zinali zochepa. Anthu ankabwera, kusuzumira m'nsalu, kuyamika Chiuta ndi mawu apansipansi, n'kutuluka msanga ngati akuopa kuzolowerana nako.

Mlongo wa bambo, amene ife timati ankhazi, ndiye anali ndi mawu pakhomo pathu. Anali mayi wogulitsa usipa, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, ndipo akanena chinthu sankayembekezera kuti wina awonjezerepo. Anakayang'ana kamwanako kamodzi n'kulamula kuti ndi Mulendo. Ankati mwana wobwera pambuyo pa maliro sapatsidwa dzina lokoma, chifukwa imfa ikamva imachita kaduka. Umamutchula ngati wongodutsa, kuti imfayo ikafika pakhomo iganize kuti palibe cholanda. Mudzi wonse unatengera pomwepo, ndipo kunalibe amene ankamudziwa mwanayo ndi dzina lina.

Bambo anali asanavomereze, kungoti sankakonda phokoso. Iwo ankagwira ntchito yophika pa munda wa fodya wa Mgiriki wina kufupi ndi Iringa, ku Tanzania, ndipo anali atabwera kudzaona mwana. Tsiku la ubatizo atafunsidwa dzina, anayankha mosadodoma kuti Atanasiya. M'tchalitchi munamveka manong'onong'o. Mayi wina kumbuyo kwathu anafunsa mnzake kuti, "A Tanasiya ndi a kuti amenewo?" Potuluka, ankhazi anawapanikiza bambo pakhomo pa tchalitchi pomwepo, koma bambo anangoti ndi dzina la gogo wina wa kuntchito kwawo, mayi wa bwana. Ankhazi anatsonya n'kunena kuti la azungulo likhale la m'tchalitchi, kunyumba mwana ndi Mulendo.

Tanthauzo lake bambo anandiuza ine ndekha, tsiku limene ndinkawaperekeza ku msewu waukulu kukakwera basi yobwerera kuntchito. Ndinali nditasenza chikwama chawo pamutu. Anandifotokozera za gogo uja, kuti ankavala zakuda chaka chonse, ankatukwana antchito m'Chiswahili chothyokathyoka, ndipo anali ataika m'manda mwamuna wake ndi azing'ono ake onse iye akadali kudya nyama ndi mano ake. Tsiku lina akusenda anyezi limodzi kukhitchini, bambo anamufunsa chimene dzina lake limatanthauza.

"Ndi Chigiriki, Wezi," anatero bambo. "Kwawoko imfa amati thanatosi. Ukaika a kutsogolo, wafufuta. Kwathu kuno a ndi ulemu, a uje, a uje. Kwa iwo a ndi kukana. Atanasiya ndiye kuti palibe imfa."

Ndinaima pamsewu, chikwama chili pamutu. "Adada, nanga imfa ikamva?"

"Imfa ya ku Ngara imamva Chitumbuka, Chinkhonde, Chichewa, ngakhale Chiswahili cha pa Songwe. Chigiriki sinapite nacho kusukulu." Anaseka, koma maso awo sankaseka nawo. "Ankhazi ako usawauze."

Sindinawauze, ngakhale pakamwa panga pankadziwika mudzi wonse kuti sipasunga kanthu. Ndinkati ndikamubereka mwanayo kumsana popita kumjigo, ndinkatembenuza khosi n'kumunong'oneza dzina lakelo, iye n'kumandikoka tsitsi uku akuseka. Ndinkamukonda mwana ameneyo moti zinkandipweteka pachifuwa.

Anadwala nthawi ya dzinja, madzi atadzaza m'minda ya mpunga ndipo udzudzu ukuchita kulira masana. Anali atangoyamba kukwawa. Thupi linatentha, kenako anasiya kuyamwa, ndipo m'manja mwake munayera ngati mkati mwa chinangwa. Mayi anamukulunga m'chitenje n'kukwera naye minibasi kupita kuchipatala cha ku boma, ine n'kutsala ndi ankhazi. Masiku amenewo mbali yathu foni inali imodzi yokha, ya Che Saidi, bambo wa ku Mangochi amene anali ndi golosale m'mbali mwa msewu. Uthenga uliwonse, wa ukwati kaya wa mlandu, unkadzera kwa iwo.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo, ndinawaona Che Saidi akubwera pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Munthu wa golosale sasiya golosale m'mawa popanda chifukwa. Anafika, anakhala pa chitsa, n'kupereka moni kwa ankhazi.

"Pepani, mayi. Kwabwera foni kuchokera kuchipatala. Mwana uja anatisiya."

Ankhazi anagwetsa lichero n'kukuwa, ndipo kukuwako kunayankhidwa nyumba ndi nyumba. Posakhalitsa bwalo linadzaza. Azimayi analowa m'nyumba n'kuyala mphasa, azibambo anatulutsa mipando pansi pa mtengo wa mango, ndipo anyamata anatenga makasu kulowera kumanda. Amalume, amene timati asibweni, anapita kwa kalipentala, n'kunena kuti kabokosi kakatha madzulo ndiye anyamuka nako kukatenga mayi ndi thupi. Zonse zinkayenda mwadongosolo, chifukwa pakhomo pathu ntchito imeneyi anthu anali ataizolowera.

Ine ndinakhala kuseri kwa nyumba ndikulira mpaka kukhosi kunauma. Ndinawakwiyira bambo, ndinamukwiyira gogo wa ku Iringa amene sindinamuonepo, ndinachikwiyira Chigiriki chonse. Koma mkati mwa kulirako, mawu amodzi ankangobwerera m'mutu mwanga. Ife ana a Chitumbuka Chichewa tinkachiphunzira ndi ndodo. Aphunzitsi athu, munthu wa ku Dedza, anatikwapula mpaka tinadziwa kusiyana kwa wapita ndi anapita. Munthu akangomwalira kumene amati watisiya. Anatisiya ndi wa chaka chatha. Nanga munthu woimba foni kuchokera kuchipatala, mwana atangotsirizika, anganene bwanji kuti anatisiya?

Ndinathamangira ku golosale. Che Saidi anali atabwerera, akuyeza shuga pa sikelo.

"Che Saidi, amene anaimba foni uja ndani? Amama?"

"Ayi, mwanangu. Mayi wina wa Chichewa, akudikirira wodwala wake m'chipinda chomwecho. Foni yakenso inkangodukaduka."

"Ananena kuti chiyani? Mawu ake enieni."

Anandiyang'ana ngati akufuna kundithamangitsa, koma anaona nkhope yanga n'kuika pansi kapu ya shuga. "Anati uthenga wa kwanu, kwa a Gondwe ku Ngara. Ndinafunsa kuti za mwana uja? Anati eya, anatisiya. Ndinafunsanso kuti mwati bwanji, anabwereza kuti anatisiya, magazi atha, abale abwere msanga. Basi foni inaduka."

"Che Saidi, mwana uja dzina lake ndi Atanasiya."

"Si Mulendo?"

"La ubatizo ndi Atanasiya."

Anatchula dzinalo pang'onopang'ono, kenako anatchula mawu ena aja, n'kubwerezanso onse awiri. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuimba nambala ija, koma sinkapezeka. Anatuluka panja, anakwera pa chulu chimene anthu ankakwerapo posaka netiweki, anaimbanso kangapo, koma osatheka.

"Pita ukawauze akuluakulu," anatero. "Thamanga."

Ndinathamanga, koma kodi mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amaimitsa bwanji maliro? Ndinayamba ndi azibambo a pansi pa mango. Anandimvera chisoni, wina n'kundisisita pamutu kuti mwana wasokonezeka ndi chisoni, mutengeni akamwe madzi. Ndinathamangira kwa kalipentala kumene asibweni anali atagwirizira thabwa, ndipo anandiyankha osandiyang'ana kuti uthenga wa maliro munthu wamkulu sangaumve molakwa. Fungo la matabwa opala kumene mpaka lero limandichititsa nseru. Potsiriza ndinalowa m'nyumba, kupondaponda miyendo ya azimayi, n'kukagwada pamaso pa ankhazi.

"Ankhazi, mwana ngwamoyo. Sananene kuti anatisiya, anatchula dzina lake, Atanasiya. Akufuna magazi, ndopa, ankhazi! Tiyeni tipite!"

"Khala chete, iwe mwana. Dzina limenelo usalitchule muno."

Apa ndi pamene ndinasowa mtengo wogwira, ndipo ndinatulutsa chokhacho chimene ndinali nacho. Ndinaganiza kuti akamva tanthauzo lake alimba mtima ngati mmene ine ndinkalimbira. Ndinakuwa kuti dzinalo ndi Chigiriki, likutanthauza kuti palibe imfa, adada anandiuza okha.

Nyimbo ya maliro inaduka. Ankhazi anandiyang'ana, maso ali psuu.

"Palibe vichi?"

"Palibe imfa."

Anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Mdumbu wane, mlongo wangayu! Ana awiri ali m'dothi, iye n'kukaima pa tchalitchi kuitukwana imfa pamaso? Ndiye mukudabwa kuti yabwera?" Kulira kunayambiranso, kuposa poyamba. Tsopano anali ndi chifukwa cha maliro, ndipo munthu akapeza chifukwa safunanso kumva kuti malirowo kulibe. Mayi wina anandigwira pamkono n'kunditulutsa panja ngati mbuzi yolowa m'khitchini.

Ndinaima pabwalo dzuwa lili pamutu. Kuchokera kumanda kunkamveka makasu. Ndinaganiza zopita ndekha ku boma wapansi, ndinaganiza zokagona pakati pa msewu kuti galimoto iime, ndinaganiza zoti ndikafika ndikawauze adokotala atenge magazi anga onse. Ndinayamba kuthamangira kumsewu ndisakudziwa chimene ndikachite, ndipo kumeneko ndinapeza Che Saidi akukhoma loko pa chitseko cha golosale, masanasana, makasitomala ataima.

"Akana?" anafunsa.

"Akana."

"Tiye. Ngati ndinamva bwino, tikathandiza mayi ako kunyamula katundu. Ngati ndinamva molakwa, Mulungu andikhululukire, ndaika m'manda mwana wamoyo ndi pakamwa pangapa."

Ulendo wa minibasi umenewo sindidzauiwala. Inkaima paliponse pamene munthu waimika dzanja, ngakhale amene ankangodzikanda. Pena inaima kuti akweze matumba a mpunga, ndipo kondakitala anayamba kukangana ndi mwini matumba pa za malo. Pa Mwenilondo dalaivala anatsika kukalankhula ndi mnzake, akuseka, akumenyana m'manja. Ine ndinkaluma chitenje kuti ndisakuwe. Che Saidi, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anatulutsa mutu pawindo n'kukalipa kuti, "Achimwene, muli mwana akufa muno!" Anthu onse anatembenuka kundiyang'ana ine, ndipo dalaivala anabwera chothamanga. Sitinawakonze, tinangowasiya aganize choncho.

Njira yonse ndinkanong'ona dzina lija. Sindinkadziwanso ngati ndikupemphera kapena ndikuitana. Mtima wina unkandiuza kuti ankhazi akunena zoona, kuti imfa inapeza womasulira.

Kuchipatala tinadutsa m'khonde lodzaza anthu ogona pa zitenje, fungo la mankhwala ndi la phala zili pamodzi. M'chipinda cha ana ndinawaona mayi asanandione. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, nkhope italoza kukhomo, ngati munthu amene wakhala akuyang'ana khomo limenelo kuyambira m'mawa. Pamiyendo pawo panali kamwana, kali lefuu, milomo yotuwa. Ndinayang'anitsitsa pachifuwa pake. Pankakwera n'kutsika, mofulumira ngati pa kambalame, koma pankakwera.

Ndinakhala pansi pa simenti.

"Wezi? Wabwera ndi ndani? Asibweni ako ali kuti? Ankhazi ako?" Mayi ankasuzumira kumbuyo kwanga. "Ine andiyeza, akuti anganso ngochepa. Ndatuma uthenga m'mawa kuti abwere anthu opereka magazi. Anthu ali kuti?"

Ndinayesa kupeza bodza koma silinabwere. "Amama, akukumba manda."

Mayi sanalire. Anangomukokera mwanayo pachifuwa n'kumuphimba ndi chitenje, ngati kuti anthu a makasuwo alowa m'chipindamo. Che Saidi anali atapinda kale mkono wa mkanjo, akufunsa namwino kumene amatengera magazi. Ine ndinawatsatira n'kutambasula kamkono kanga, koma namwino anandiuza mokoma kuti ndine mwana. Ndinadikira pakhonde, ndikuopa kuti abwera kudzanena kuti magazi a Che Saidi sakugwirizana ndi a mwana. Anagwirizana. Dzuwa likupendeka, thumba lofiira linali litapachikidwa pamwamba pa bedi, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana madontho akutsika limodzilimodzi.

Asibweni anafika madzulo, kabokosi atakakulunga m'nsalu. Mlonda wa pachipata ndiye anawauza kuti alowe kaye akaone asanalowetse katundu wawoyo. Anaima pakhomo la chipinda, anaona mwana akuyamwa mofooka, ndipo bambo wamkulu uja anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chipewa.

Kumudzi dzenje linali litatha kale. Kwathu manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa, ndipo sakwiriridwa opanda kanthu, choncho akuluakulu anadula thunthu la nthochi n'kuliika m'menemo. Ankhazi anakhala masiku osandiyang'ana kumaso. Tsiku limene mayi anabwera ndi mwana, ankhaziwo anamulandira, anamufukata nthawi yaitali, ndipo ndinawamva akuyesa kutchula dzina lija chapansipansi, akulakwitsa, n'kuyesanso.

Koma mwanayo sanatembenuke. Patapita milungu ndinazindikira kuti ndikamunong'oneza kumsana sakundikokanso tsitsi. Ndinamenya mbale kumbuyo kwake, osacheuka. Malungo aja anapita ndi makutu ake. Adokotala anati zimachitika matenda akafika povuta. Ngati zikanapeweka anthu akanafika m'mawa muja, palibe anandiyankhapo, ndipo funso limenelo ndakula nalo. Bambo atabwera n'kumva zonse, sananenenso nthabwala ya Chigiriki. Anakhala pakhonde mwana ali pamiyendo, akumutchula dzina kukhutu mobwerezabwereza, misozi ikugwera pamutu pake.

Kwa zaka zambiri ndinkawaweruza ankhazi kuti mantha awo anatsala pang'ono kupha mwana, ndipo pena ndinkawaweruza bambo kuti anadzitama. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa mmene munthu amagonera khutu lili kwa mwana wotentha thupi. Ndikuona tsopano kuti bambo sankadzitama, ankapempha. Ankhazi nawonso ankapempha, wina mobisa mwana, wina mokana imfa m'chilankhulo cha eni ake. Onse awiri anali anthu otopa ndi kuika ana m'manda. Koma tsiku lija dzina lililonse mwa awiriwo silinamugwire mwana dzanja. Chimene chinathandiza ndi kubwerera kukafunsa kuti kodi ananena kuti chiyani, ndi munthu mmodzi wovomera kuti mwina anamva molakwa. Chisoni chimafulumira kukhulupirira, makamaka pakhomo pamene chinazolowera kulowa. Ndikamva uthenga woipa masiku ano, ndimafunsa kawiri ndisanayale mphasa.

Atanasiya anakula, anaphunzira kusukulu ya ana osamva, ndipo lero amasoka zovala pa boma. Ali mtsikana wamkulu, tsiku lina tikulambula kumanda ndi anthu a m'mudzi, anaima pa kamtumbira kopanda mtanda n'kundifunsa ndi manja kuti apa pagona ndani. Azimayi amene anali pafupi anaweramitsa mitu n'kumapalira mwakhama. Ndikanatha kunama, koma ndinamuloza iyeyo pachifuwa. Ndinamufotokozera zonse ndi manja anga osadziwa bwino, za foni, za minibasi, za thunthu la nthochi. Anayang'ana kamtumbirako nthawi yaitali. Kenako anandilanda khasu n'kuyamba kupalira yekha, bwinobwino, mpaka m'mbali monse munayera. Kuyambira chaka chimenecho salola wina aliyense kukhudzapo, ndipo akamaliza amakhala pamwamba pake n'kudya chinangwa chake chootcha.